Nyale ya ku Moatize ndi Dzuwa la ku Zobwe

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo. Nkhani zachuluka chikuikireni m'manda, koma ndiyambe ndi yaikulu: muli ndi mdzukulu wamkazi. Dzina ndi lanu lomwe, Rozina, ndipo kaukali nakonso ndi kanu. Akafuna bere sapempha kawiri.

Mwanayu anabwera pa nthawi yovuta. Akamwini anu a Fulansisiko anayamba kutsokomola ali kumgodi wa malasha ku Moatize. Tinkati ndi fumbi, poti kumeneko aliyense amalavula zakuda. Tsiku limene analavula magazi ndinazindikira kuti ndi chifuwa chachikulu chomwe chinakutengani inu. Anawagoneka m'chipatala mimba yanga itakula kale. Ndinkangoganiza chinthu chimodzi: chifuwachi chanditengera amayi, chagwira amuna anga, kodi mwanayu chimusiya?

M'chipinda cha odwala chifuwa muli nyale yachilendo, yaitali ngati mpini wa khasu, yopachikidwa pafupi ndi denga, yoloza kumwamba. Kuwala kwake ndi kwa mtundu wa thambo, ndipo sikufunda. A enifelemeru, bambo wachikulire wothandiza dokotala, anatiuza kuti kuwalako kumapha tizilombo ta chifuwa touluka mumpweya. Akamwini anu mukuwadziwa, nzeru zimawafika mochedwa ngati sitima ya ku Beira. Anaganiza kuti ngati nyaleyo imapha tizilombo, bwanji osaiwotha ngati moto kuti achire msanga. Anakwera pabedi, kuvula malaya, n'kuyandikiza chifuwa ndi nkhope. M'mawa mwake maso anali psuu, akudandaula kuti wina wawathira mchenga. A enifelemeru anawakalipira ngati kamwana, kuti nyaleyo imatsuka mpweya osati mapapo a munthu, za m'kati ndi ntchito ya jakisoni. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinalira zenizeni, chifukwa ndinadziwa kuti anakwera pabedipo pofuna kukhala panyumba mwana akamabadwa.

Nditachira, a enifelemeru anandiletsa kulera khanda m'kachipinda kathu kumgodi, komwe anthu timathithikana. Kopita kunali kumodzi, nyumba yanu ku Zobwe, imene inali chitsekere. Ndinawauza kuti munamwalira ndi chifuwa momwemo, ndipo kwathu kulibe nyale yotere. Iwo anati, "Mana, mlongo wanga, nyale iyi ndi kamwana ka dzuwa. Katseguleni zitseko, mukatulutse zonse panja."

Apa ndiye ndinakukumbukirani. Munkati dzuwa ndi sopo wa amphawi. Mbale simunkalola kuti zilowe m'nyumba zisanaume pathandala, ndipo ife tinkang'ung'udza kuti mukutitopetsa ndi kuyanika mphasa. Mawu amene ndinkawathawa ndili mtsikana ndinakawapeza m'kamwa mwa munthu wa m'chipatala.

Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Luwiza, anakanitsitsa. Anati zofunda za malemu siziyanikidwa pabwalo anthu akuona, wa mtima woipa angadulepo kansalu, komanso khanda limafuna nyumba yotseka. Sindinawachite mwano, koma sindinamvere. Ndinatulutsa bulangeti lanu, mphasa, mtsamiro ndi nsalu zonse, n'kumazitembenuza padzuwa ngati makaka. Ndinabowola khoma la kum'mawa kuti pakhale zenera, pansi n'kuzirapo dothi latsopano. Mundikhululukire ngati katundu wanu anaoneka ndi anthu. A Luwiza sanandilankhule mpaka pokumba mbatata ya kachewere, imene yabereka bwino chaka chino. Nkhuku zokha ndi zimene zinatha ndi chitopa, kwatsala tambala wopanda womulirira.

A Fulansisiko anatuluka m'chipatala atawonda, ntchito yapansi itawathera. Kuchipatalako anawalamula kuti akafika ku Zobwe azigona okha m'chisakasa ndipo asayandikire mwana. Anamvera, mwina poti maso anali atawaphunzitsa. Miyezi yonseyo ankakhala padzuwa tsidya la bwalo, akumuimbira Rozina mluzu, iye n'kumacheuka kufunafuna mbalameyo. Ine zinkandiwawa, koma sindinafewe.

Mwezi wathawu tinatsikira ku Moatize tonse atatu. Dokotala anamvetsera chifuwa cha Rozina, nati n'choyera. Anayeza makhololo a bambo ake, nati sangapatsirenso munthu. Pakhonde la chipatala pomwepo ndinamasula mbereko n'kuwapatsira. Amayi, mwana anali atayamba kale kukwawa, koma bambo ake anatambasula manja n'kundifunsa kuti amugwire bwanji.

Zikomo, amayi. Mwanayu mwamulera nawo musanamuone. Mvula isanagwe tibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndikukulonjezani kuti Rozina adzafika atanyamulidwa ndi bambo ake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariya