Mwana wa m'Buku la a Ndevu

Amayi,

Kwacha bwanji kumeneko? Ndisanafunse zambiri, ndiyambe ndawongola bodza limene mwina lakufikani kale, pakuti a Gelesomu anamwalira mwezi watha ndipo mukudziwa kuti bambo aja nkhani sinkawakhalira m'kamwa. Ine Esinati ndilibe mwana. Sindinaberekepo, sindinasiye khanda kwa munthu aliyense ku Zomba, ndipo ku yunivesite sindinachoke chifukwa cha mimba. Anandiuza kuti ndibwereze chaka chachitatu, ndikakhale m'kalasi limodzi ndi ana amene ine ndinkawaphunzitsa katchulidwe ka Chifalansa, ndipo ndinakana. Zimenezi ndinakuuzani tsiku lomwe ndinatsika minibasi pa Nsaru ndi sutikesi yanga pamutu. Inu munati, "Chabwino, lowa udye." Ndinkayesa kuti nkhaniyo inathera pomwepo.

Za pakhomo pano si zoipa kwenikweni. Chimanga cha kumtunda chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka tinasowa poika cha mphuno zowola. Cha kudambo chinamira. Mtedza tinakumba mochedwa koma ulipo. Mng'ono wanga Alinafe anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, wanenepa, kungoti mphuno watenga ya bambo ake ndipo palibe chimene tingachitepo. Mjigo unathyoka, komiti yakumana kangapo kukambirana kuti unathyokadi, ndiye tikutunga kuchitsime cha kudimba kwanu. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Ine ndikadali pa kasukulu kapulaiveti kaja, kuphunzitsa Chingerezi ana amene amandiyang'ana ngati ndikuwaitanitsa ngongole ya agogo awo.

Kodi a Ndevu mukuwakumbukira? Ndimo mmene munkamutchulira mlembi wa ku Falansa uja, chifukwa dzina lake linkakukanikani, ndipo pachikuto cha buku panali chithunzi chake, nkhope yonse ndevu zokhazokha. Ameneyo ndiye munthu amene ndinathera naye zaka zanga za ku Zomba. Anabadwira kumudzi ngati ife. Atate ake ankafuna kuti akhale loya, iye anasiyira maphunzirowo panjira n'kuyamba kulemba. Mabuku ake oyamba anthu anawaseka. Sanaleke. Analemba za alimi, za antchito a m'nyumba za olemera, za ansembe, za akazi osiyidwa m'tauni, mpaka tsiku la maliro ake misewu inadzaza anthu amene sanamuonepo ndi maso. Mbali yoti anasiya sukulu ndinkaibwereza kawirikawiri, ndikudziwa. Inu munkangoti, "Iyeyo anasiya n'kulemba mabuku. Nanga iwe wasiya n'kulemba chiyani?"

Chaka chatha, nyengo yosankha fodya, tinali awiriwiri m'chigafa ndipo wailesi inali itatha mabatire. Munati ndikusimbireni za m'mabuku angawo, popeza ndi okhawo amene ndinabwera nawo kuchokera kusukulu. Ndinasankha limodzi. Ndi la mtsikana wa kumudzi wolima mphesa amene anapita mumzinda kukagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, natenga mimba ya mwana wa mwini sitoloyo. Anabereka mobisa, khandalo anakalisiya kwa mkazi wa munthu wootcha makala kuseri kwa phiri, iye n'kubwerera kwa amake osanena kanthu. Mphesa inu simunazionepo m'munda, ndiye ndinazisandutsa fodya. Mzinda wawo ndinauti Zomba, chifukwa ndi mzinda wokhawo umene misewu yake ndimaidziwa. Dzina la mtsikanayo linali lotulukira m'mphuno, ndinangomutcha Nasimelo. Tsiku lililonse ndinkasimba pang'ono, inu mukundidzudzula kuti, "Pakamwa paziyenda, koma manja asaime." Tinamanga mabelo nkhaniyo isanathe. Kenako chifuwa chija chinakula, mukudziwa zotsatira kuposa ine.

Maliro atatha, abale atabalalika, a Nachisale, otsogolera amayi a kumpingo kwanu aja, anandipeza ndikutsuka mbale zobwereka. Anandigwira paphewa n'kuti, "Mwana wanga, usamasenze wekha. Amako anatiuza." Ine ndinkayesa akunena za chisoni. Patapita masabata ndi pamene Alinafe anandimasulira kuti inu munkaimirira pa mapemphero a amayi n'kumati, "Tipempherere kamwana ka mnzake wa Esinati, kali kwa anthu a makala ku Zomba." Amayi, inu munakulira mudzi uno. Mukudziwa bwino lomwe kuti mayi akaimirira pagulu n'kunena kuti "mnzake wa mwana wanga," aliyense amamva kuti akunena mwana wakeyo. Ndipo kuno mtsikana saloledwa kusiya sukulu chifukwa cha za m'mutu mwake. Anthu amakhulupirira kuti mtsikana ali ndi malo amodzi okha amene angamulemere.

Izo zikanangokhala miseche ndikanazipirira, anthu ano anandinena kale zambiri. Koma alongo anu, atsibweni a Lemani, akuti kuchipatala cha mishoni kuja, tsiku limene ine ndinapita kukagula sopo, munawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Achimwene, pali mwana kunjaku. Musamusiye kwa eni ake a makala." Kuyambira pamenepo atsibweni sagona tulo. Chigawo cha munda wanu cha kufupi ndi mtengo wa masuku anachipatula, akuti ndi cha mdzukulu wa ku Zomba. Analima okha, anakolola okha, chimangacho chili m'matumba kunyumba kwawo ndipo ngakhale akazi awo sachikhudza.

Loweruka lapitali atsibweniwo anabwera m'mawa ndi a Nachisale, anakhala pakhonde. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa bukulo, ndinaliika pamiyendo pawo.

"Mwana mukumufunayo ndi uyu," ndinatero. "Ali pa tsamba lililonse. Anabadwa m'mutu mwa mzungu amene anafa agogo a agogo anu asanamere mano."

Atsibweni analitembenuza, anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Bambo wake wa mwanayo ndi ameneyu?"

"Ndi mlembi, atsibweni! Ndi nkhani yopeka!"

"Eya, wophunzira iwe. Nanga mzungu wakufayu Zomba anaidziwa bwanji? Chigafa anachionera kuti? Kwawoko kulinso a Nasimelo?"

Ndinawafotokozera kuti zimenezo ndinaikamo ndine, kuti inu mumve bwino. A Nachisale anagwedeza mutu mwachifundo chija chimene chimandiyabwa thupi lonse. "Ndiye kuti unaikamo ndiwe, eti? Basi, mwanawe, ifenso tikunena zomwezo."

Ndinawatsegulira tsamba kuti awerenge okha. Atsibweni anati magalasi anaiwala, ngati kuti magalasi awo amadziwa Chifalansa. Pamenepo a Nachisale anati nkhaniyi ndi yosavuta. Amayi akuluakulu awiri alowe nane m'nyumba, andione mabere ndi pamimba, thupi la munthu wobereka silibisika, tikatuluka mudzi wonse ukhala chete. Ndinawauza kuti ine sindine mbuzi ya pamsika wa Kabudula yoti aliyense aziipapasa mawere. Ndinawauzanso zina zimene sindilemba pano, chifukwa mungandiuze kuti, "Iwe, pakamwa pakopo udzasowa wokutungira madzi." Atsibweni anaimirira, anasasa fumbi pathalauza, n'kuti, "Mwana wa mbumba yanga sangakulire kwa anthu a makala ine ndili moyo." Anapita osamwa tiyi.

Ndikudziwa kuti ndikanalola kuvula nkhaniyi ikanatha m'mawa womwewo. Alinafe wandiuza zimenezo mpaka khutu kuwawa. Koma ndivulire anthu chifukwa cha buku? Ine amene ndinakana kubwereza chaka?

Chimene chandilembetsa kalatayi si iwowo ayi. Ndi inuyo. Ndikufuna kudziwa chimene munapita nacho mumtima, ndipo ndikaganiza mutu umazungulira.

Masiku ena ndimati munkadziwa kuti ndi zopeka. Bukulo munaligwirapo, munkachotsa fumbi pachikuto chake ndi chitenje. A Ndevu munkawakalipira ngati woyandikana naye nyumba: "Bamboyu ndi wouma mtima. Cholembera chili m'manja mwake, bwanji osangomubwezera mwanayo kwa amake?" Munthu wonena choncho amadziwa kuti pali wolemba. Mwina munangomumvera chisoni kamwanako mpaka kukatengera ku mapemphero, monga munkapemphererera anthu a ngozi amene munangowamva pa wailesi. Mwina kuchipatala kuja chinali kutentha thupi kokha, nkhani ya m'chigafa n'kusakanikirana ndi maloto.

Koma masiku ena ndimakumbukira tsiku limene ndinafika pamene Nasimelo akudya ndi amake mbale imodzi, mabere akumuwawa, iye osanena kanthu. Munasiya kusankha. Munayang'ana tsamba la fodya limene linali m'manja mwanu, osati ine, n'kufunsa kuti, "Kodi iwe, mtsikanayu akanawauza amake, ukuganiza kuti akanamupha?" Ine ndinakuyankhani ngati ndili m'kalasi. Ndinakuuzani kuti mlembiyu amakonda anthu osalankhula, kuti mphamvu ya mabuku ake ili pa zimene anthu ake amabisa. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo ndinakhutira nako kuyankha kwangako. Inu munati, "Oho," n'kuponya tsambalo pa mulu wa oipa. Amayi, funso limene lija munkafunsa ndani? Nasimelo kapena ine? Ngati munkafunsa ine, ndiye kuti zaka zonse zija munkandipakulira chakudya mukuyembekeza kuti tsiku lina ndiulula. Ndiye kuti "Chabwino, lowa udye" uja sanali kundikhulupirira. Ndiye kuti munapita mukuganiza kuti mwana wanu woyamba anataya mdzukulu wanu kuphiri, n'kumakusimbirani ngati nthano, maso ali gwa.

Ku Zomba ndinalemba chimangirizo chachitali chotsutsa anthu amene amafufuza moyo wa mlembi m'mabuku ake. Ena ankati mtsikana wa m'bukumo ndi mlongo wake wa a Ndevu, ena ankati ndi wantchito wa amake. Ine ndinati kumeneko ndi kuwerenga kwa anthu amiseche, ndipo ndinkanyadira kuti ndawagonjetsa. Lero ndakhala pansi ndikudzifunsa mafunso a amiseche omwewo. Mabuku a munthu uja ndili nawo angapo, bwanji ndinasankha limeneli? Bwanji ndinati Zomba, pamene Lilongwe ili pafupi ndipo inu munkaidziwa? Bwanji ndinalekeza kusimba pamene mtsikanayo ankatsika phiri manja ali lende? Ndilibe mwana, ndikubwerezanso. Koma china chake ndinachisiya ku Zomba, ndipo sindinakuuzeni kuti chimandiwawa, chifukwa inu mukanati ndibwerere ndikabwereze.

Chodabwitsa china n'chakuti chiyambireni bodzali anthu akundikonda. Kale ndinali "a Chifalansa," odzimva, osapatsidwa moni kawiri. Lero kuchitsime amandipatsa malo, kutchalitchi amayi amasendera kuti ndikhale pakati pawo. Mkazi wa a Gelesomu anandibweretsera maungu. Mtsikana wokana kubwereza kalasi sankamumvetsa, koma wotaya mwana akumudziwa, ali naye pomuika. Ndipo dzana, ndikudutsa pa pulaimale ana akuweruka, ndinadzipeza ndikuyang'ana tiatsikana ta Sitandade 1 n'kumaganiza kuti akanakhala wamsinkhu umenewo. Ndani? Ndinaima pamsewu ngati wamisala mpaka wa kabaza anandiimbira belu.

Mathero a bukulo simunawamve, ndiye ndikuuzeni. A Ndevu sanamvere malangizo anu. Palibe amene anapita kukamutenga mwanayo. Amake a Nasimelo anamwalira osadziwa kanthu. Mwanayo anakula kwa anthu a makala, ndipo tsiku lina pamsika anagulitsa makala kwa mayi wina wotuwa tsitsi, mayiyo anatsitsa mtengo, anakanganapo pang'ono, aliyense n'kumapita. Buku limathera pamenepo. Ku Zomba ndinkati amenewo ndiwo mathero abwino koposa onse amene munthu analembapo. Panopa sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti inu mukanati bamboyu akanakhala wa mpingo wathu akanaitanidwa ndi akulu a mpingo.

Chiliza chanu tidzamanga fodya akagulidwa, atsibweni anavomera kale. Ndikulonjeza kuti ndisadzalembepo mawu a Chifalansa, ngakhale ndinali nditasankha kale ena okongola. Ndikulonjezanso kuti mawa ndipita kwa atsibweni, ndikakhala pansi pamphasa, ndikawafotokozera pang'onopang'ono popanda kuwatchula mbuli. Kuvula kokha ndiye ayi. Ngati kumeneko amakulolani kuona za pansi pano, ndiyang'anitsitseni inuyo, mudzionere nokha, kuti mwina mmodzi wa ife agone bwino. Ndimakusowani m'chigafa muja. Chaka chino ndinasankha fodya ndili chete.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa yemwe uja,
Esinati

Ndinali nditapinda kale kalatayi pamene Alinafe anabwera ndi mwana kumsana kudzandiuza. Atsibweni akwera minibasi ya m'mamawa pa Nsaru, akupita ku Zomba. Anyamula tambala ndi thumba la mtedza, zokathokozera anthu amene akulera mwanayo.