Vaneti Yanu Yalira, Atate

Atate, mukugona bwanji kumene munapitako? Ndine Esinati, mwana wanu wamakani uja. Kuno tilipo, koma kulipo kwake ndi kongoti kwacha.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino, poti ndi imodzi yokha. Mng'ono wanga Maliya anachira, mwana wamwamuna, ndipo tamutcha dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, otambalala aja. Chimanga chinapsa ndi dzuwa chitangomasula ngaiyaye. Nkhumba zinatha ndi chigodola, khola langotsala fungo. Watigwira dzanja ndi mtedza basi.

Nkhani yaikulu ndi amayi. Titangokuikani, anagwa pachitsime, mbali yakumanzere n'kuuma. Akulankhula, koma lilime likulemera. Kuchipatala ku Katete anati tizipita nawo mwezi ndi mwezi kukawongola mwendo ndi kutenga mankhwala. Ulendo woyamba tinawanyamula pangolo mpaka ku Sinda, n'kuwakweza minibasi. Atate, anawapanikiza ngati thumba la thonje. Anadzinyowetsa tisanafike, anthu n'kumatseka mphuno. Analira ndi manyazi njira yonse, ine mtima ukuwawa, ndipo ndinalumbira kuti sadzakweranso minibasi.

Ndiye maso anga anagwera pa vaneti yanu, pansi pa mtengo wa mango paja.

Mukukumbukira mmene inafera? Fyuzi ikapsa simunkagula ina. Munkasenda waya n'kukulunga timkuwa pa mano a yakufayo, kapena siliva wa m'paketi ya fodya, n'kuibwezera. Ndikadandaula munkati, "Waya ndi waya, mwanawe, bola moto udutse." Moto unadutsadi tsiku lija tikuchokera ku Vubwi. Utsi unatuluka pansi pa chiwongolero, inu n'kumaukupiza ndi chipewa. Galimoto inafika pakhomo ikukokedwa ndi ng'ombe za eni.

Zimene simunazione ndi izi. Pogawa katundu wanu, akwanu anatenga njinga, pulawo, wailesi, ndi jekete la kutchalitchi lomwe. Vaneti anaipereka kwa a Lufeyo, mwana wa alongo anu, poti pa mwambo wathu ife ana ndife a kwa amayi. A Lufeyo atatsegula chitseko, munatuluka nkhuku, anthu n'kufa ndi phwete. Iwo anati, "Chitsulo chakufa ndikachiika pati? Chisiyeni, nkhuku ziziikira." Choncho waya wanu amene ndinkamunyoza uja ndi amene anatisungira galimoto pakhomo.

Ndinkadziwa kuti ikadzangolira, eni ake adzaikumbuka. Koma ndikayang'ana amayi pamphasa, mantha amenewo ankachepa. Ndinagulitsa mtedza n'kuitana a Tembo, makaniko wa ku Katete.

A Tembo anayamba achotsa batire, kenaka anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja. Bokosi la mafyuzi atalimasula, linatuluka lakuda bii, losungunuka ngati kandulo, timkuwa tanu titamatirira mkati. "Amai, iyi bokosi yasila," anatero m'chinyanja chawo cha m'tauni, kutanthauza kuti latha ntchito. "Nindani anali kumanga mawaya so? Uyu munthu anali kufuna kufa." Ndinawauza kuti munthuyo anafa kale, koma osati ndi zimenezi. Anavula kapusi n'kupepesa.

Anakapeza bokosi lina pa vaneti ya mtundu womwewo imene inagubuduka kalekale. Vuto linali mawaya. Mitundu yake inafwifwa, ena makoswe anatafuna, osadziwika wa magetsi ndi uti, wa sitata ndi uti. A Tembo ankalondola mmodzimmodzi mpaka kumene wathera, ine n'kumamangirira kansanza ka chitenje kuti tisamusokoneze ndi mnzake. Opsa anawadula, kulumikiza atsopano n'kukulunga tepi. Pomaliza analowetsa mafyuzi enieni, ofiira, abuluu, achikasu, iliyonse pamalo pake. Anandiuza kuti, "Fyuzi nchito yake ni kufa kuti motoka isafe. Ikapsa, fakani inzake, osati waya." Ndinafuna mukanakhalapo kuti mumve nokha, ngakhale ndikudziwa kuti mukanatsutsa.

Titathira dizilo ndi kubwezera batire, ndinapotokola kiyi. Inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira kulira kwake kuja. Amayi anali pakhonde. Anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Abwera?" Atate, ndinazimitsa injini n'kukalirira kuseri kwa nkhokwe.

Tinapita nayo ku Katete ulendo umodzi. Amayi anakhala kutsogolo, pampando wawo wakale, atavala chitenje chatsopano, pilo ali kumsana. Ankapatsa anthu moni ndi dzanja lamoyolo. Tinaima pamene afuna, popanda kondakitala wowakalipira. Chimwalirireni inu, sindinawaonepo akuseka chotero. Koma vaneti yanu ndani saidziwa pamsika wa Katete? Mbiri inafika kwa akwanu ife tisanafike kunyumba.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, tinapeza a Lufeyo pakhomo ndi akuluakulu awiri. Anatipatsa moni mwaulemu kwambiri. "Asuweni, mwagwira ntchito," anatero. "Zikomo potikonzera galimoto yathu."

Ndinalankhula, Atate, mukundidziwa. Ndinawafunsa kumene anali pamene nkhuku zinkaikiramo. Ndinawalozera amayi. Anayankha kuti tikaifuna tizingotumiza uthenga, ngati kuti kwawo kufupi ndi malire kuja ndi kuseri kwa nyumba. Ndinatchula za khoti, poti anthu amati lamulo la boma limaona ana ndi mkazi wamasiye. Apo amayi anandikoka chitenje. Ndi lilime lolemera lija anati, "Apatse. Dzina la atate ako lisakamveke m'khoti."

Polowa kukachotsa pilo, dzanja langa linafika pabokosi latsopano lija. Ndikanazula kafyuzi kamodzi, a Lufeyo akanapotokola kiyi mpaka dzuwa kulowa. Koma galimoto yakufa nayonso siipereka amayi kuchipatala, ndipo mawu awo anali atatuluka kale. Ndinapereka kiyi. Potuluka pakhomo, a Lufeyo analiza hutala kutitsanzika, hutala amene anasiya kulira ine ndili mtsikana. Naye tinawakonzera.

Ndatumiza uthenga kawiri, yankho palibe. Tsiku la amayi ku Katete layandikira, ndipo dzulo anandifunsa ngati ndachapa chitenje chawo cha ulendo. Ndinangoti inde.

Ndikukulonjezani kuti tsiku lawolo sadzaphonya, ngakhale zitavuta ndiwabereke kumbuyo. Koma inu Atate, ngati kumeneko amakulolani kuyendera anthu kutulo, musavutike ndi kubwera kwa ine. Pitani kwa a Lufeyo.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakwiya,
Esinati