Chipewa Chomwe Tavian Anavala

Okondedwa achemwali a Vernice,

Muli bwanji ku Detroit? Kuno ku Mississippi ndi chimwemwe chokhachokha. Mwana wanga Tavian wasankha koleji yoti akasewereko mpira.

Makochi atatu anabwera kunyumba kudzamukopa, ndipo onse anakhuta chitumbuwa changa cha mbatata. Aliyense ndinamufunsa kuti, "Mwanayu akavulala bondo, sukulu apitiriza?" Awiri anayamba kutamanda mabwalo awo. Wachitatu anaika foloko pansi n'kuyankha kuti, "Amayi, digiri adzatenga, ngakhale akuyendera ndodo."

Tavian sindinamusankhire. Ndinangomuuza kuti, "Makutu uli nawo."

Tsiku losaina mgwirizano ndi koleji, kusukulu anamuyalira patebulo zipewa za makoleji atatuwo kuti avale cha komwe wasankha. Atagwira cha koleji yapafupi, bambo ake anadzuka n'kuyamba kuvina. Iye anangoti, "Adadi, khalani pansi kaye," n'kuvala cha kochi wa foloko uja. Holo yonse inafa nacho chiseko.

Kungoti n'kutali, achemwali, ndipo kumazizira ngati kwanuko. Bondo lake lovutavuta lija kukazizira m'mawa... tidzakamba mukadzabwera. Mumugulire jekete yokhuthala. Ine ndayamba kuphunzira kuphika chitumbuwa chaching'ono.

Ndine mng'ono wanu,
Loretha