Alamu Akwere Basi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, kungoti ndatopa, eee!

Ntchito ya pabwalo la ndege ija ndikugwirabe, pamakina ounikira m'zikwama. Tsiku lonse maso ali tong'o pasikirini, kumagwedeza mutu ngati ndikuonapo kanthu. Abwana anatisainitsa chipepala cha boma chakuti za makinawo ndi chinsinsi, ndiye musandifunse kuti anayaka liti komaliza.

Dzulo mayi wina potenga chikwama chake anati, "Mwanawe, iwe ukaunika chonchi ndimakwera mtima uli m'malo." Achimwene, ndinangoyang'ana nsapato zanga!

Munati alamu abwera pandege mwezi wamawa. Chonde akwere basi. Achedwa, inde, koma ndikawachingamira ndekha kudepoti.

Moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu.