Msilikali Wonyamula Miphika

Ntengo-Wambalame, Tsangano
9 de Junho de 2024

Okondedwa achimwene Octávio,

Pepala la kuchipatala lija likadali m'Baibulo la amayi, ndipo likunenabe zomwe linanena mu Dezembro: kuti ababa, bambo Caetano, anafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo dzanja lawo lamanja silidzagwiranso ntchito iliyonse. Pali zidindo ziwiri ndi dzina la munthu wophunzira kuposa ine. Ine sukulu ndinalekezera décima, kalasi yakhumi, choncho sinditsutsa. Ndangoti ndikukumbutseni, poti ku Beira kuli zambiri zoiwalitsa.

Kuno tili bwino. Chisanu chafika msanga chaka chino, ndipo tayamba kukumba kachewere. Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha makina a jogu, oseweretsera masewera a pakanema, munasiya aja, komanso kuti ndiulule milandu iwiri. Muyambe mwalandira kuthokozako, kuti milanduyo ikupezeni mtima uli m'malo.

Mukukumbukira momwe munawasiyira ababa: pampando pakhonde, dzanja lili pabondo ngati la mlendo. Anamwino anatipatsa kampira koti azifinya m'mawa ndi madzulo. Anafinya masiku awiri. Tsiku lachitatu anakaponyera galu, nati iwo si mwana wa ku escolinha, sukulu ya mkaka. Kudimba sankafuna ngakhale kuyang'anako. Amayi akati, "Bambo a Octávio, tiyeni mukangoona momwe kachewere wamerera," iwo ankayankha kuti, "Akaone amene ali ndi manja." Chakudya chinayamba kubwerera momwe chapitira. Pafoni ndinkakuuzani kuti zonse zili bwino, koma ndinali ndi mantha, achimwene. Munthu akasiya kufuna kanthu kalikonse sachedwa kutisiya.

Makina anu ndinkayatsa masana, chifukwa sola yathu ija imagwira dzuwa likakhala pamutu basi. Likapendeka, kanema amagona. Ndinkasewera ndi munthu wangawanga wa mu jogumo monga munandilamulira, uja amayamba ndi kabudula ndi chibonga. Tsiku lina mu Março ndinamva ababa akufunsa ali pakhomo, pomwe ankakhala ngati sakuonera.

"Akupita kuti ameneyo?"

"Kumzinda uko, ababa, kutsidya kwa mlatho."

"Nanga mphika uwo akuusiyiranji panjira?"

"Ulibe ntchito."

"Mphika ulibe ntchito? Unakulira m'nyumba yanji iwe? Bweretsa kuno."

Ndinawapatsa komandu yoseweretsera ija. Anamuyang'ana munthu wangayo, nabweza. "Wamaliseche ayi. Ndinayendapo choncho kamodzi, chaka chimene tinathawira ku Malawi, ndipo sindibwereza. Palibe wovala?"

Wovala analipo mmodzi yekha: msilikali wanu, amene munamumanga zaka ziwiri, amene munandilumbiritsa kuti ndisamukhudze. Apa ndi pomwe mlandu woyamba unayambira.

Komanduyo mukuidziwa. Kandodo koyendetsera munthu kali kumanzere, koma mabatani otolera, othamangira ndi omenyera ali kumanja. Choncho tinkagwira awiri. Iwo ankayendetsa, ine ndinkadina zimene alamula. "Tola. Tola ichonso. Chingwe icho ukusiyira ndani?" Nkhondo sankaifuna. Chilombo chikatulukira ankakhota, nati yeniyeni anaiona, ya pagalasi sangataye nayo nthawi. Lupanga lanu lowala lija silinatulukepo m'chimake. Msilikali wanu anatola miphika, zikopa, misomali, ngakhale mafupa, mpaka anayamba kuyenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope.

Atafunsa chomwe chikumulemetsa, ndinawafotokozera za mapontu: kuti munthu akamakula amapatsidwa mapontu oti agawe pathupi, ndipo inu munathira onse pa liwiro ndi pa lupanga, pamsana munangoikapo asanu. Anapukusa mutu. "Mwana ameneyu ndinalera ndine? Kuthamanga chimanjamanja, akakafika kumene akupitako akadya liwirolo?" Kenako anafunsa ngati zingasinthike.

Ndikanatha kunama. Koma kuyambira Dezembro aka kanali koyamba kuti apemphe kanthu. Mu jogumo ndinawatengera kwa wosula zitsulo wa kuphanga uja, tinapereka mwala wobiriwira umene munkasunga, umodzi wokhawo, ndipo mapontu onse tinagawanso. Anapita pamsana, pamiyendo ndi pampweya. Pa lupanga tinasiyapo awiri, pokulemekezani.

Mlandu wachiwiri ndi wanga ndekha. Munaimba mu Abril, amayi atakuuzani kuti ababa akusewera. Munasangalala, poganiza kuti akusewera ndi wakabudula uja, ndipo munandiphunzitsa kusamutsa mabatani onse kuti akhale kumanzere, ababa asamavutike. Ndinalemba zonse papepala, ndinati zikomo. Sindinachite. Ababa ndinawauza kuti mwati sizitheka. Mawa lake ndinamanga kansanza pachala changa chachikulu, ndinati ndadzicheka ndi mpeni.

Tsiku limenelo chimphona chimene chimalondera mlatho uja chinapha msilikali wawo. Mukudziwa lamulo lake: ukafa, katundu amatsala pomwe wagwerapo, ndipo ukafanso usanamutole, wapita. Ababa anabwerera pang'onopang'ono ndi kandodo kawo, akuzembera m'mbali mwa khoma, mpaka anaima pamtolo wawo. Chimphona chinali chitayang'ana kwina.

"Geno, tola."

"Chala, ababa."

"Uli nazo khumi."

"Zinazi sizinaphunzire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Amayi anali pakhomo akusankha nyemba, ndipo anayankhula osadzutsa mutu. "Musiyeni katunduyo, bambo a Octávio. Si koyamba. Makina anga osokera munakwirira m'munda tikuthawa, mpaka lero mukufunafunabe pomwe munakumba."

Sindikudziwa ngati amayi anali mbali yanga, kapena anangopeza mpata wa nkhani yawo yakale. Ababa anaika komandu pabondo, ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, naliika pamabatani. Linatsetsereka. Analibwezera. Linatsetserekanso. Ine ndinakhalira manja anga kuti asandipereke. Kachitatu chala chinadina, koma batani lolakwika, msilikali anangodumpha m'mwamba, chimphona n'kutembenuka. Thukuta linali litatsikira m'khosi ngakhale kunali kozizira. Kachinayi anatola.

Musaganize kuti anapulumuka. Chimphona chinawapeza asanapite patali, poti munthu wonyamula miphika makumi anayi sathawa. Koma tsiku limenelo anafa kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse anabwerera kukatola okha. Dzuwa litapendeka anadya mbale yonse, nafunsa ngati ndiwo zatsala.

Sindikunena kuti jogu ndi mankhwala. Anamwino atabwera panjinga yamoto mwezi watha anati ndi ntchito yomwe ija ya kampira, kungoti kampira sikagwetsa katundu wa munthu. Zala ziwiri zakumapeto zikadali zouma, ndipo supuni imawapulumuka masiku ena. Mlatho sanawoloke mpaka lero. Akuti sakufulumira, mzindawo suthawa. Kansanza kaja ndinavula patatha sabata. Anayang'ana chala chopanda ngakhale chipsera, nati, "Wapola bwino." Sitinakambiranenso.

Tsono ndili ndi mapempho awiri. Kandodo kakumanzere katha mphira, chala chawo chikuterereka. Ngati kumeneko amagulitsa, mutitumizireko. Lachiwiri ndi lalikulu: mukabwera, makinawa musatenge, ndipo msilikali musamukonze. Ndikudziwa kuti munamumanga zaka ziwiri ndipo ife tamugumula masana amodzi. Ngati pali mkwiyo, ubwere kwa ine. Za mabatani zija mukhoza kuwauza ngati mukufuna, koma ndikuganiza kuti akudziwa kale.

Amayi akupereka moni. Akuti muzidya, ndipo akufunsa ngati ku Beira kulibe atsikana opemphera. Ababa akuti ndikuuzeni kuti msilikali wanu tsopano wasanduka munthu, angathe kusunga banja. Sananene zikomo, mukuwadziwa, koma afunsa kawiri ngati kalatayi ndalembadi.

Ine ndiye ndikunena. Tsiku lomwe munkanyamuka munati makinawa mukusiya chifukwa chikwama chadzaza. Chikwamacho ndinanyamula ndine mpaka pokwerera minibasi ya shapa, achimwene, ndipo munali malo. Munasiya chinthu chokhacho chimene chimakupumitsani mukaweruka kudoko, osadziwa ngati chidzathandiza aliyense. Mulungu akusungeni, ndipo akubwezereni zoposa mwala wobiriwira.

Ndine mlongo wanu wolakwa kawiri,
Genoveva

Kalatayi ikubwera ndi a Raimundo oyendetsa galimoto ya kachewere, pamodzi ndi thumba lanu. Pomasula mufune mpeni. Mfundo ya pakamwa pake amanga ndi ababa dzulo kudimba, ndi manja awiri.