Makutu Anga Akutha, Mwanawe

Mwana wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Nanga mkamwini wanga ndi adzukulu angawo? Chifuwa cha wamng'ono uja chinasiya? Kuno tikudzuka. Mayi ako ndi miyendo yomwe ija, koma pakamwa pokha ali bwino kwambiri.

Ntchito ikuyenda. Mushedi muli mabesi anayi, zoimbira zazikulu zazingwe zija, atsamira khoma ngati anthu odikira dokotala. Ana odutsa amawatchabe mavayolini onenepa.

Sabata yatha kunabwera mayi wamtali uja woimba kuhotela. Anati besi yake ikulira ngati mwalowa njuchi. Ndinapeza pamene panamatuka, ndinatenthetsa guluu, ndinamata, n'kupana masiku awiri. Pobwera kudzaitenga anakoka uta woimbira pazingwe kamodzi n'kundiyang'ana. Anati kaphokoso kalipobe. Ine ndinakana mpaka kukweza mawu. Ndinamuuza kuti ndatha zaka makumi anayi pa ntchito imeneyi, palibe angandiphunzitse kumva.

Mayi ako anali pakhomo ndi tsache. Anangobwera, kugwira dzanja langa, kuliika paphewa pa besiyo, n'kuuza mlendoyo kuti akokenso. Mwanawe, ndinakamva m'zala. Thabwa linkanjenjemera pamalo ena, pamene sindinaganizireko n'komwe. Ndinapepesa, mutu uli pansi.

Mlendo atapita, mayi ako anati adziwa kwa chaka tsopano. Akuti ketulo imalira mpaka kuuma madzi ine ndili pambali pake. Kenako anati, "Makutu okha ndi amene akutha, bambo. Manja alipo. Lemberani mwana."

Ndiye ndikulembatu. Koma pali china chimene ngakhale mayi ako sachidziwa.

Ukukumbuka uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, unkakonda kugogoda matabwa anga ndi chala? Tsiku lina unati thabwa limene ndinasankha ndi lakufa, silikuyankha. Ndinakuthamangitsa mushedi, ndinati ntchito imeneyi si ya atsikana. Linali bodza. Unanena zoona, ndipo zinandipweteka kuti kamwana kamva chimene ine ndinavutikira zaka zambiri. Mwamakani ndinapangirabe besi thabwa lomwelo. Sinaimbepo bwino. Ili kudenga mpaka lero, yokutidwa ndi bulangete.

Iwe unakaphunzira ukalipentala kwa anthu ena, ndipo lero ukupanga makabati m'fakitale ya eni. Sunandifunsepo chifukwa chake. Undikhululukire, mwana wanga.

Pabenchi pali besi yatsopano. Msana ndamaliza, khosi ndasema. Thabwa la pamimba ndasiya kulipala, chifukwa pamafunika kupala pang'ono, kugogoda, kumvetsera, ndipo ine sindikudziwanso polekezera. Ndimaopa kuliwononga.

Sindikunena kuti usiye ntchito kapena usamuke. Ukapeza tchuthi, ubwere ngakhale milungu iwiri. Ine ndizipala, iwe uzigogoda. Ukati basi, ndisiya pomwepo, osatsutsa. Mayi ako akuti zimenezo akufuna adzazione ndi maso awo.

Ukakana ndimvetsa, ndipo sindidzaibwerezanso nkhaniyi.

Upereke moni kwa mkamwini wanga ndi apongozi ako. Adzukulu anga uwapsompsone. Usandiimbire foni, ndimangoyankha "eya, eya" osamva kanthu. Undilembere.

Mulungu akusunge, iwe ndi nyumba yako yonse.

Ndine,
bambo ako