Tsiku Limene Galimoto Inayankha Yokha

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine kuno ku Cape Town ndilipo, mpongozi wanu Alinafe alinso bwino. Yakwana miyezi isanu ndi itatu chiikireni maliro anu, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhala moyo mukanandifunsa kuti ndine mwana wamtundu wanji wosatumiza ngakhale moni. Lero ndakhala pansi. Pali nkhani yolemera imene ndiyenera kukuuzani, koma mundilole ndiyambe ndi zopepuka, poti inuyo munkadana ndi mlendo woyamba kulira asanapatsidwe mpando.

Mdzukulu amene munkamudikira uja anabadwa mu Febuluwale. Ndi wamkazi, tamutcha Chisomo. Makutu ndi anu enieni, otambasuka aja, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi monga munkachitira powerenga buku la nyimbo mutaiwala magalasi. Alinafe akuti ndisamaseke makutu a mwana. Ndimamuyankha kuti sindikuseka mwana, ndikuseka agogo ake.

Za kumudzi ndimazimva kudzera kwa Alinafe yemweyo, amene amacheza ndi abale pa watsapu. Akuti chimanga cha kumtunda chinadyedwa ndi mbozi, koma mbatata ya kachewere yachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba, amalume a Fulatiyele anafoleranso, ngakhale akuti likudonthabe pakona pamene munkaika mtsuko.

Kuno ndiye kwavuta ndi chilala. Mzinda wonsewu, wa magetsi ndi nyumba zosanjikizana, anthu akusamba m'beseni n'kusunga madziwo kuti akathire kuchimbudzi. Kwa azungu a ku Kommetjie kumene ndimasamalira maluwa, kapinga yense wapsa. Ntchito yanga tsopano ndi kuzula zouma, kuzikweza pa kapikapu kanga kaja n'kukataya. Ndikamazula ndimakumbukira tsiku limene ndinakufotokozerani ntchito imeneyi, inu n'kufunsa kuti, "Anthu odzala udzu n'kumauthirira, anawalodza ndani?" Mukanaona lero mukanati mankhwala aja asukuluka.

Tsopano ndifike pa nkhani ija.

Zaka zonse zimene ndakhala kuno, simunandiimbirepo foni yeniyeni. Munkangofulasha. Foni inkalira kamodzi n'kuduka, ine n'kudziwa kuti amayi akufuna ndiwaimbire. Munkati, "Wa ku Joni ndiwe, mayunitsi anga ndi ogogodera pachitseko basi." Koma Lachinayi lija la mu Seputembala simunagogode. Ndinali ndikukwera msewu wa m'phiri wa Ou Kaapse Weg nditadzaza nthambi, foni ili pampando wapambali. Inalira mpaka kutha yokha. Inayambiranso. Kumbuyo kwanga kunali galimoto ya apolisi apamsewu, ndipo kuno akakuona wagwira foni ukuyendetsa amakuimitsa n'kukulanda. Foniyo sinali nkhani kwa ine. Chimene ndinkaopa n'chakuti pepala langa lokhalira m'dziko muno linali litatha, ndipo munthu wotero safuna kuti wapolisi amufunse dzina.

Mpaka pamenepo ndingathe kudziikira kumbuyo. Koma titafika pamwamba apolisi aja anandipitirira, ndipo pamenepo pali malo otakasuka pamene alendo amaima kujambula nyanja. Foni inalira kachitatu. Sindinaime, amayi. Ndinati mwina mwaikhalira, kapena ana akuseweretsa, ndiimba madzulo ndikaweruka. Munthu amene sanalolepo foni kulira kawiri anailola kulira mpaka kutha katatu konse, ine osazindikira kanthu. Pamene ndinkaimba madzulowo anayankha ndi achemwali anga, a Esinati, akuti mwasiya kulankhula, akufunafuna galimoto yopita kuchipatala. Kutacha munali mutatisiya.

Kumaliro sindinabwere, mukudziwa. Ndikanatuluka pachipata cha m'malire a dziko ndi pepala lakutha sakanandilolanso kubwerera, pamene Alinafe anali woyembekezera. Anthu anamvetsa, kapena ananamizira kumvetsa. Pogawa katundu wanu foni ija anapatsidwa a Esinati, nambala yake yomweyo. Ndiye patapita masabata awiri foni yanga inalira, pagalasi palembedwa kuti Amayi. Ndinaiponya pabedi ngati yanditentha. Kuyambira pamenepo achemwali akhala akundiimbira mwezi ndi mwezi, ine osayankha. Ndinkaganiza kuti akufuna kundifunsa chimene ndinakanira foni ya mayi wanga akumwalira. Kusintha dzinalo kuti likhale la iwowo ndinayesa kangapo, chala chinkakana.

Mwezi watha ndinagula kachipangizo kotchedwa bulutufu m'sitolo ina ku Fish Hoek. Ndikufotokozereni, poti inu chinthu munkafuna kuchimvetsa musanachinyoze. Kamalumikiza foni ndi wailesi ya m'galimoto popanda chingwe. Munthu akaimba, mawu ake amatulukira m'masipika a m'zitseko, iwe n'kumayankha manja onse ali pachiwongolero, wapolisi alibe pokugwirira. Alinafe ataona bokosilo, nkhope yake inandiuza kuti ndagula loko wakuba atapita kale.

Anandiikira ndi a Saidi, bambo wa ku Mangochi amene amakonza zamagetsi za galimoto kuseri kwa galaja ina. Ndi munthu wanthabwala, pakamwa sipapuma. Loweruka masana tinazula wailesi, mawaya n'kutuluka ngati matumbo a nkhuku. Anandigwiritsa tochi n'kumandiphunzitsa: waya wofiira amapita kumene kumabwera moto ukapotoza kiyi, wachikasu kumene moto suzima, wakuda amamangidwa pachitsulo cha galimoto. Kamaikolofoni kake n'kakang'ono ngati njere ya nyemba. Anakapanikiza pamwamba pa galasi, mbali yanga, chingwe chake n'kuchibisa kunsi kwa mphira wa chitseko. Pomaliza anamata kagalasi kofanana ndi bokosi la machesi pafupi ndi chiwongolero, n'kundiuza kuti nditsegule bulutufu pafoni ndilembe maziro anayi.

Kachipangizoko kanayamba kukoka maina onse a m'foni mwanga. A Saidi anapotoza kabatani kuti aone ngati alowa, ndipo dzina limene linaima pagalasipo linali lanu. Anasangalala, akuti tiyesere pomwepa, tiwaimbire amayi amve kuti mwana wawo tsopano ndi bwana wolankhula ndi zitseko. Ndinawauza kuti munamwalira. Anati pepani, kenaka anatenga sikuludiraiva n'kumamanga sikulu imene anali atamanga kale. Patapita kanthawi anandifunsa kanthu kena kokhudza mmene foni iziyankhidwira. Ine maso anali adakali padzina lija, ndinangogwedeza mutu osamva funso. Zimene ndinavomerazo ndinadzazidziwa Lachiwiri lotsatira.

Unali m'mawa, ndikupita ku Kommetjie. Chifunga cha kunyanja chinali chitatseka msewu moti ndinkangoona nyali zofiira za galimoto ya patsogolo. Wailesi inkaimba, kenaka inangoti zii. Kagalasi kaja kanayaka: Amayi. Ndinagwiritsitsa chiwongolero kudikira kuti idule monga mwa masiku onse. Inalira kawiri, n'kumveka kuti thi. Galimoto inali itayankha yokha.

Amayi, bwalo lanu lonse linalowa m'galimoto mwanga. Ndinamva nkhuku. Ndinamva chitseko cha nyumba yanu chikulira monga chimachitira chikatsegulidwa theka. Kumanzere ndi kumanja kwanga munthu ankapuma, kenaka anakonza kukhosi kawiri, mmene munkachitira musanayambe pemphero. Kunja sikunkaoneka mtengo kapena nyumba, kuyera kokhakokha. Ndine bambo wa mwana, koma ndinaitana mokweza kuti amayi, ndipo ndinkayembekezadi kuti muvomera. Mmene ndinapatukira pambali pa msewu sindikukumbuka.

Anali a Esinati. Mawu awo akalamba miyezi imeneyi, atsala pang'ono kufanana ndi anu. Nawonso anadzidzimuka kuti ndayankha. Anandikalipira, ndipo sindinawadule poti zinandiyenera. Koma za kukana foni yanu sanatchule n'komwe. Chimene akhala akundifunira nthawi yonseyi n'china: akufuna ndiwauze zimene munandiuza tsiku lija.

Ndinafunsa kuti tsiku liti. Anandifotokozera. Akuti masana amenewo munawatuma kukagula mayunitsi ambiri kuposa kale lonse. Munaimba kawiri iwo ali pomwepo, osayankhidwa. Poimba kachitatu nkhope yanu inawala, munawakodola kuti atuluke atseke chitseko. Ali panja ankakumvani mukulankhula nthawi yaitali, pena motsitsa, pena kuseka, pena ngati mukulira, mpaka mayunitsi anatha. Atalowa anakupezani mwagona chagada, foni ili pachifuwa, ndipo munawauza kuti, "Zonse ndamuuza Yohane. Anayamba kuyankha ndi dona wake wachizungu, kenaka anamupatsira. Mwana wanga sanandidule ngakhale kamodzi, amangomvetsera."

Amayi, ameneyo sanali dona wanga. Kuno foni ikalira osayankhidwa, pamabwera mawu a mzimayi ojambulidwa kale, onena m'Chingerezi kuti mwini wake palibe, siyani uthenga. Kenaka makina amayamba kusunga zimene munthu akunena. Inu mukanadziwa bwanji, poti zaka zonsezi munkadula isanafike pamenepo? Inenso sindinatsegulepo malo osungira mauthengawo chibwerereni kuno, palibe Mmalawi amene ndimamudziwa amene amatero. Ndikukumbuka kuti tsiku lomwelo kunabwera kauthenga kolemba kochokera kukampani ya foni. Ndinakafufuta pamodzi ndi ena otsatsa malonda, osawerenga.

Achemwali ankadikira yankho, nkhuku zikulirabe m'zitseko. Anati amalume akana kukamba za munda wa kudambo ndi za nyumba mpaka ine nditanena mawu anu, ndipo iwowo sagona bwino poganiza kuti mwina munawatchulako. Ndinawauza kuti netiweki ikuvuta, ndiwaimbira. Ndinazimitsa galimoto kuti foni iduke.

Tsiku limenelo kuntchito sindinafike. Ndinabwerera ku Fish Hoek, kusitolo ya kampani ya foni. Mtsikana wa pakauntala anandimvetsera bwino, anayang'ana pakompyuta, anaitananso mkulu wake. Onse anapukusa mutu. Akuti uthenga wosatsegulidwa umakhala masabata ochepa, kenaka umafufutika wokha, ndipo palibe kumene umapita. Ndinawafunsa katatu ngati kulibe kwina kumene amasungako. Ndiye kuti pamene ndinkalira m'kachipinda kathu ku Masiphumelele sabata ya maliro anu, kudandaula kuti simunanditsanzike, mawu anu onse anali m'thumba la thalauza langa akundidikira.

Masabata atatu apita tsopano. Ndikamayendetsa ndimazimitsa wailesi. Masipika aja akakhala opanda nyimbo amatulutsa kamphepo kakang'ono, ndipo ndimapezeka ndatchera khutu. Ndimayesa kulota zimene munanena. Pamene munkaseka paja, kodi munkandikumbutsa za tsiku limene ndinagwera m'chitsime cha kudimba? Pamene munatsitsa mawu, inali nkhani ya bambo? Kodi munali ndi dzina la mwanayu, ife n'kumutcha lina? Kodi munandikhululukira kuti zaka zisanu ndi chimodzi sindinabwere kudzakuonani, kapena nkhani imeneyo ndiyo munkalira nayo?

Ndisakubisireni, mayesero anandifikira. Ndikanatha kuwaimbira a Esinati n'kuwauza kuti munati tizikondana, munda ukhale wawo, ndipo munawayamikira chifukwa chokusamalirani. Onse akanakhulupirira, achemwali akanagona tulo. Mwinanso n'zimene munanenadi. Ndinafika pozikonza bwinobwino m'mutu, mawu ake ndi kalankhulidwe kanu komwe. Koma nditayesa kuzinena mokweza ndili ndekha m'galimoto, pansi pa kamaikolofoni kaja, ndinachita manyazi ngati mwandigwira ndikuba m'thumba mwanu. Ndinakulandani kale khutu langa, sindingakulandeninso pakamwa.

N'chifukwa chake ndayamba ndi inu. Munapita mukukhulupirira kuti mwana wanu anamva zonse, ndipo mtima wanga ukuwawa kukulandani chimenecho. Ndalingalira masiku ambiri ngati n'kwabwino kukusiyani choncho. Koma simunandinamizepo, ndipo ine sindingathe kumanyamula chiyamikiro chimene sindinachigwirire ntchito. Amene sanakuduleni mawu uja sindinali ine, amayi. Ine ndinali pamsewu ndi nthambi za azungu. Munalankhula nokha.

Mawa m'mawa ndiwaimbira achemwali ndisanapotoze kiyi, ndiwauze zoona zonse, anene zimene anganene. Za munda tikhala pansi ndi amalume monga anthu amene mayi wawo sanasiye mawu. Pepala langa ndinakapereka kuti likonzedwe, ndipo likangotuluka ndikwera basi. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera ndekha kumanda pamene mwagonapo, foni nditaisiya kunyumba, ndidzakhala pansi kumutu kwanu, ndipo sindidzathamangira kulikonse. Ngati kumeneko amalola, mudzayambirenso poyamba.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Yohane